Kiyi Anali M'chikwama Changa

Ndili ndi masatifiketi ambiri a maphunziro apantchito, ena a masiku atatu, ena a sabata yathunthu, ndipo onse ndimawasunga mu envulopu yakhaki m'sutikesi. Abale akabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu ndimawatulutsira, aone kuti mwana wawo sanapite kumpoto kukasewera. Koma pali imodzi imene ndinaipinda kanayi n'kuiika pansi penipeni. Ndi ya maphunziro othandiza khanda lobadwa losapuma. Ndinakhoza bwino kuposa onse m'kalasimo, ndipo ndi imene ndimachita nayo manyazi.

Ku Rumphi ananditumiza nditangomaliza sukulu ya unamwino ndi uzamba. Chipatala chake sindichitchula. Ndi chaching'ono, chakumudzi, kumalekezero a chigwa cha Nkhamanga, kumene njovu za ku Vwaza zimadya chimanga cha anthu ngati zinalima nawo. Netiweki ya foni inkapezeka pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa thanki yamadzi. Ogwira ntchito tinalipo atatu: ine, a dokotala amene ankaona odwala kutsogolo, ndi mayi wina wothandiza m'wodi. Namwino mnzanga anali atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake tinkangomumva m'makalata.

Mayi wothandiza m'wodiyo, pa pepala ntchito yawo inali kukolopa, kuchapa nsalu ndi kuwiritsa zitsulo. Anali amsinkhu wa mayi anga ondibereka, obadwira komweko, osalankhulalankhula. Aliyense ankawatchula kuti amama, inenso ndinatengera. Ndiwo anandiphunzitsa Chitumbuka cha m'chipinda chochilitsira, mawu oti mayi akumve pamene ululu wamulanda Chichewa chonse. Malamulo sankawalola kubereketsa munthu. Koma namwino akachoka, mwana sadikira kalata, ndipo ana ambiri a m'midzi imeneyo anagwera m'manja mwawo. Tonse tinkadziwa zimenezi, tonse tinkayang'ana kumbali.

Ulendo woyamba umene ndinaphunzira za makanda osapuma ndinabwerako ndi katundu. Anatipatsa chopopera mpweya, chonga chibaluni cholimba chokhala ndi kachophimba kovalika pamphuno ndi pakamwa pa khanda. Anatipatsanso chidole chophunzirira, chothira madzi m'kati kuti chilemere ngati mwana weniweni. Ndinasayinira ndine. Pachipatala pathu zinthu zinkamera miyendo: tochi inapita, lumo labwino linapita, ngakhale wotchi yapakhoma inapita misomali n'kutsala. Ndiye oyang'anira akabwera ankafunsa amene anasayina. Choncho chibalunicho ndinkachitsekera m'kabati yachitsulo ya m'chipinda chochilitsira. Mayi akayamba matenda ndinkachitulutsa, akachira ndinkachitsuka n'kuchitsekeranso. Kiyi ndinamumangirira pamodzi ndi wa kunyumba kwanga.

Kumaphunziroko anatiuza kuti tikafika tikaphunzitse anzathu. Ndinawaonetsa a dokotala, iwo akudya mbatata, akugwedeza mutu. Amama sindinawaphunzitse.

Tsiku lina anaona ndikuchigwiritsa ntchito. Kanabadwa kamtsikana kotuwa, kolobodoka ngati nsalu yonyowa, osalira. Ndinakapukuta, ndinakaika chagada, ndinapopa, ndipo patapita kanthawi kanatsokomola n'kulira mokwiya. Amama anali ataima ndi beseni m'manja, maso ali pa zala zanga. Titamaliza kukonza, anandiyandikira.

"A nesi, chibaluni icho mundiphunzitseko nanenso. Imwe mumayendayenda chomene."

"Amama, izi ndi za anthu a mapepala. Akamva akuluakulu kuti ndakuphunzitsani, tonse awiri ntchito yatha."

"Yewo," anatero, n'kupita kukataya madzi.

Zimene ndinanenazo zinali zoona, koma theka lokha. Kuwaphunzitsa kukanakhala kuvomera pamaso pa anthu kuti amabereketsa, n'zoona. Theka linalo linali kunyada. Ndinakhala zaka zitatu kusukulu ndikudya nyemba zofumbwa kuti ndivale yunifolomu yoyera, ndipo pachipatala paja panali chinthu chimodzi chokha chimene ine ndinkachidziwa iwo osachidziwa. Sindinafune kuchipereka kwa munthu wogwira mopu. Anandipemphanso kawiri m'miyezi yotsatira. Ndinayankha kuti tidzaona, kenako ndinayankha kuti ndikapeza mpata.

Nthawi yomweyo tinali pa kalikiliki wouza amayi kuti asiye kuberekera kunyumba. Ndinkakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya mlangizi wa zaumoyo n'kuzungulira midzi. Tinkalankhula m'zigafa anthu akusankha fodya, tinkalankhula pakhomo pa tchalitchi mapemphero akatha. Pakamwa ndili napo, ndipo ndinkadziwa kuwaseketsa amayi kenako n'kuwaopseza. Mawu anga omaliza anali amodzimodzi paliponse: bwerani kuchipatala, kuli manja ophunzira.

M'mudzi wina cha ku Mwazisi munali mayi wamtali, woonda, amene sankaseka nawo. Msonkhano utatha ananditsatira mpaka panjinga. Anandiuza kuti anabereka kawiri kunyumba, ana onse awiri anatuluka osalira, ndipo tsopano anali ndi pakati pachitatu. Apongozi ake sankafuna zachipatala, ankati kuli alendo amwano. Mlendo wamwanoyo ndinali ine, koma mayiyo anabwerabe. Mwezi wachisanu ndi chitatu utatha anafika wapansi, atasenza beseni lokhala ndi ufa, poto ndi zitenje, n'kukhala kuchidikiro, kanyumba ka amayi oyembekezera kuseri kwa wodi.

Tsiku loyamba nditamuyeza anandifunsa m'Chichewa chake chosamala, chosankha mawu limodzilimodzi.

"Tsiku lakelo, mudzakhalapo imwe?"

"Ndipita kuti ine? Nyumba yanga ndi iyo, mukuiona pawindopa."

Ndinaona kuti mtima wake sunakhazikike. Ndiye ndinatsegula kabati, ndinatulutsa chibaluni, ndinamuonetsa mmene chimakwezera chifuwa cha chidole. Ndinamuuza kuti ana ake awiri aja mwina sanali akufa, ankangofuna kuwayambitsira mpweya, ndipo uyu akadzachita chimodzimodzi chinthu ichi chidzamudzutsa. Anachigwira ndi chala chimodzi. Kenako ndinachibwezera n'kukhoma.

Patatha sabata ziwiri kunabwera kalata yondiitanira ku Boma, Lolemba mpaka Lachitatu, kukabwereza maphunziro omwe aja a makanda osapuma. Amene sali pantchito yathu sangamvetse chifukwa chake munthu amapita kukaphunzira chimene akuchidziwa kale. Namwino aliyense ali ndi kabuku ka mapoyinti. Maphunziro alionse amene wakhalapo amakusayinira mmenemo, ndipo chaka chikatha kabukuko kasanadzaze, chiphaso chogwirira ntchito sachikonzanso. Kanga kanali ndi masamba oyera ambiri. Komanso ndisaname: ndinkafuna masiku atatu a magetsi, madzi otentha osamba, ndi anzanga olankhula nawo Chichewa chakwathu mpaka nsagwada kuwawa. Kukana kunali kotheka. Sindinaganizeko n'komwe.

A dokotala nawonso anali ndi kalata yawo, yochokera ku ofesi ina, ya maphunziro a malungo kuyambira Lachitatu. Tinayala makalata awiriwo patebulo n'kuona kuti agundana tsiku limodzi lokha. Iwo anyamuka Lachitatu m'mawa, ine ndifika Lachitatu madzulo. Lamulungu ndinamuyezanso mayi uja. Mutu wa mwana unali usanatsike, ndipo powerenga masiku ndinapeza kuti patsala sabata ziwiri. Ndinamuuza kuti ndikupita kukawonjezera nzeru zoti ndidzamuthandize nazo iyeyo.

Lolemba m'mawa, ndikukwera njinga ya kabaza, amama anatuluka m'wodi akupukuta manja pachitenje.

"Kiyi wa kabati mukusiya, a nesi?"

"Mudzatani naye kiyi, poti chinthucho simuchidziwa?"

Ndinaganiza zowasiyira a dokotala, koma a dokotala ankafunafuna magalasi ali pamphuno, ndipo wosayinira anali ine. Ndinaponya makiyi m'chikwama n'kuuza wakabaza kuti tiyeni.

Maphunziro anachitikira mu holo ya malo ena ogona alendo. Patebulo lililonse panali mabotolo amadzi ndi mbale ya maswiti. Monga mwa chizolowezi cha misonkhano yotere, tinayamba ndi kusankha wosunga nthawi, wopemphera, ndi wotitakasa thupi tikayamba kuodzera. Kenako tinapangana malamulo, mphunzitsi akulemba papepala lalikulu pakhoma. Lamulo la foni silisowa: amene foni yake ilire m'kalasi, avina kutsogolo ife tikumuimbira. Tsiku loyamba lomwelo inalira ya bambo wina wamimba yaikulu, ndipo anavina thukuta lili kamukamu ife tikuseka mpaka misozi. Ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo, chiuno changa chinauma ndili wamng'ono. Ndinazimitsa kulira kwa foni n'kuikankhira pansi pa chikwama, pamodzi ndi makiyi.

Lachitatu m'mawa anali mayeso a manja. Aliyense ankaima payekha kutsogolo kwa chidole, mphunzitsi atagwira wotchi. Khanda labadwa, silikulira, uli ndi mphindi imodzi. Itafika nthawi yanga manja anangoyenda okha. Ndinapukuta, ndinawongola kamutu, ndinavalika kachophimba, ndinapopa, chifuwa cha chidole chinakwera n'kutsika bwinobwino. Mphunzitsi anauza kalasi kuti aone mmene amachitira munthu wodziwa ntchito, ndipo anandiombera m'manja mwa kumaphunziro, katatu kenako n'kuchita ngati akundiponyera kuombako. Ndinawakha n'kuika pamtima, monga timachitira.

Pa nthawi ya tiyi ndinatulutsa foni. Amama anali ataimba kasanu ndi kawiri.

Ndinaimba, osalowa. Ndinaimbanso, osalowa. Ndinadziwa kuti sali pachulu, ali m'wodi. Ulendo wachinayi inalowa. Kumbuyo kwawo ndinkamva mphepo.

"A nesi, mwana wa mayi wa ku Mwazisi uja watisiya. Mwanalume, kamnyamata."

"Wabadwa wakufa?"

"Yayi. Mchombo unkagunda m'manja mwanga. Kabati yakana."

Ndinalowa m'chimbudzi cha holoyo n'kukhala pamenepo chitseko chili chokhoma. Panja wosunga nthawi ankagogoda botolo ndi supuni kuitana anthu. Apa ndi pamene ndimafuna nkhaniyi ikanakhala ina. Ndikanakonda kulemba kuti ndinatuluka n'kuthamangira kokwerera magalimoto. Koma timabuku ta mapoyinti ankasayina pamapeto penipeni, tikatha kudya masana, kuti anthu asathawe. Ndinadziuza kuti mwana wapita kale, kuthamanga kwanga sikumudzutsa. Ndinasamba kumaso n'kubwerera pampando wanga. Ndinadya mpunga ndi nkhuku. Anandisayinira, anandipatsa satifiketi, tinajambulitsa chithunzi cha gulu. Ndili pamzere wachiwiri, ndipo amene sakudziwa sangaone kanthu pankhope yanga.

Ndinakwera lole mpaka ku Bolero, kenako njinga. Ndinafika dzuwa likulowa, fumbi lili m'mano. Choyamba kuona m'chipinda chochilitsira chinali chitseko cha kabati. Chinali chitapindika mozungulira loko, utoto utasupuka, ndipo pansi panali mwala wa pamoto wa kuchidikiro.

Amama anandifotokozera ataima, osandiyang'ana. Matenda anayamba a dokotala atangonyamuka, ndipo anathamanga kwambiri. Mwana anatuluka wamkulu bwino, wolobodoka, osalira. Anamupukuta, anamusisita kumsana, anamumenya kumapazi. Anamuzondotsa, anamuwaza madzi ozizira monga ankachitira anamwino akale, anamuuzira kumaso. Atalephera anamusiya pamimba pa mayi wake n'kuthamangira kuchulu kukandiimbira, kuti mwina ndinabisa kiyi wina penapake. Anabwerera, anayesanso, anathamangiranso kuchulu. Nthawi yonseyi mayi wa mwanayo anali atadzuka pa chigongono, magazi asanaleke, akuloza kabati n'kumanena kuti chili umo, a nesi anandionetsa, chili umo. Ndi pamene amama anakatenga mwala.

Kuno, monganso kwathu, khanda lotere silikhala ndi maliro. Amayi achikulire okha amakaliika m'manda mwakachetechete, ndipo pofika ine anali atapita nalo kale. Mayi wake anali atagona m'wodi atayang'ana kukhoma. Ndinaima pambali pa bedi ndi chikwama changa paphewa. Ndinati pepani, liwu likutuluka ngati la munthu wina. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Mwayenda bwino, a nesi?"

Akanditukwana ndikanapepukidwa. Ndinayankha kuti ndayenda bwino, chifukwa funso limenelo lilibe yankho lina. Ndinamuyeza, ndinaona kuti chiberekero chalimba ndipo magazi aleka. Amama anali atachita zonse molondola.

M'kaundula wa obereka muli malo awiri oyandikana, a mwana wobadwa wakufa kale ndi a mwana womwalira atabadwa. Ukalemba poyambapo, palibe amene amafunsa zambiri. Ukalemba pachiwiripo pamakhala kafukufuku, anthu amabwera ndi galimoto kudzafunsa kuti anabereketsa ndani, namwino anali kuti, zipangizo zinali kuti. Ndinalemba kuti anabadwa wakufa kale. Ndinadziuza kuti ndikuteteza ntchito ya amama. Amama sanandipemphe zimenezo, ndipo ndikudziwa bwino amene ndinkamuteteza.

M'mawa mwake mayi uja analongedza poto ndi ufa wotsala m'beseni lake. Zitenje zatsopano zimene anagulira mwana anazipinda n'kuziika pamwamba. Ndinamuuza kuti akhale tsiku lina tione, anangoti yewo n'kusenza. Pachipatala pathu sanapondeponso, ngakhale atatenganso pakati, ndipo inenso m'mudzi mwawo sindinapitenso kukalankhula za manja ophunzira.

Masana a tsiku lomwelo odwala atatha, amama anamaliza kukolopa, anatsamiritsa mopu pakhoma, n'kuima kutsogolo kwa kabati.

"Tsegulani."

Sanati a nesi, sanati chonde. Ndinatulutsa makiyi m'chikwama. Loko anali atapindika, ndipo ndinalimbana naye mpaka chala kutupa asanatseguke. Chibaluni chinali mmene ndinachisiyira, chotsukidwa bwino, chokulungidwa m'pulasitiki. Ndinayala nsalu patebulo n'kugoneka chidole.

Ndinawaonetsa. Mumpukute mwamphamvu. Ngati sakulira, mumgoneke chagada, kamutu mukawongole pang'ono chonchi, ngati akununkhiza kanthu. Kachophimba kagwire mphuno ndi pakamwa pamodzi, zala ziwiri pamwamba, zinazi pansi pa chibwano. Ndiye muzifinya, osati mwamphamvu, muziyang'ana chifuwa. Chikakwera ndiye kuti mpweya walowa. Muzipitiriza mpaka alire.

Anatenga chibalunicho m'manja mwawo mokakala ndi sopo. Ulendo woyamba mpweya unathawira m'mbali, chifuwa osakwera. Ndisanalankhule anakonza okha kamutu, anakanikiza kachophimba, anafinyanso. Chifuwa cha chidole chinakwera. Chinatsika, chinakweranso. Anapopa kokwana mwina makumi awiri, mofanana, osathamanga, kuposa ena amene ndinawaona akulandira satifiketi dzulo lake. Zonse pamodzi sizinatenge nthawi yowiritsa madzi a tiyi.

Analeka, anaika chibaluni pambali pa chidole. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana chitseko chopindika chija, kenako ine. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chibwerereni ku Boma.

"Basi?" anafunsa. "N'zomwezi basi?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga china choti ndiwonjezere, chilichonse chovuta, chofunika zaka zitatu za sukulu. Sindinachipeze.

"Basi, amama," ndinatero. "N'zomwezi."